Mwana wa Kuseri kwa Waya

Malinga ndi ofesi ya lokeshoni ku Mamelodi, Vailet sankagwira ntchito ina iliyonse. Pa chitupa chake panalembedwa kuti ndi mkazi wa Alufeyo, wosamalira maluwa kwa Mzungu wina ku Irene, ndipo kwa anthu a mu ofesimo, kukhala mkazi wa munthu inali ntchito yokwanira kudzaza tsiku lonse. Motero phokoso la makina osokera limene linkatuluka m'nyumba mwake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwalamulo silinkamveka.

Kwawo kunali ku Ntcheu, cha ku Tsangano. Kusoka anaphunzira kumishoni ali mtsikana. Atatsatira mwamuna wake ku Joni anapeza kuti mwamunayo ndi wa Loweruka madzulo ndi Lamulungu basi. Masiku ena onse ankagona m'kachipinda kuseri kwa galaji ya bwana wake. Alufeyo, poona kuti mkazi wake wayamba kuyankhula ndi makoma, anamugulira makina akale opalasa ndi phazi kwa Mmwenye wa ku Marabastad. Iye ankaganiza kuti wagula chidole chotayira nthawi. Chaka chisanathe, makinawo ndiwo ankagula malasha ndi nyama ya Lamulungu, mwini wake nkumangoyamikira kukoma kwa msuzi.

Omusoketsa ambiri anali amayi a Lachinayi. Awa anali amayi a kwathu ogwira ntchito m'makhitchini a Azungu ku Hatfield ndi ku Irene, amene ankamasulidwa Lachinayi masana nkukumana kuti apemphere m'Chichewa. Ku mapemphero amenewa munthu sankapita atavala wamba: bulauzi yoyera ya kolala wotambalala, siketi yakuda, duku loyera. Kolala wa Vailet ankagona bwino pamapewa, osatukuka ngakhale umuchape kangati. Mbiri ya kolalayo inafika mpaka ku Eersterust, ndipo akwati a kumeneko anayamba kubwera ndi nsalu zonyezimira ndi zithunzi zong'amba m'magazini.

Kuchita malonda panyumba popanda laisensi ofesi inkaletsa. Laisensiyo inalipo ndithu, ena ankati anaionapo, koma kuti uipeze ankakufunsa sitolo, ndipo ukapempha sitolo ankakufunsa laisensi. Chimene ofesi sinkakana chinali mayi kusokera ana ake. Vuto linali loti Vailet anakhala zaka zambiri wopanda mwana womusokera, ndiye insipekitala akamayendera nyumba, iye ankafunditsa makina bulangete nkuikapo wailesi ndi maluwa a pulasitiki.

Elube anabadwa mu 1974, m'nyumba momwemo, diresi la mkwati wina litapachikidwa kuchitseko. Tsiku lomwelo Vailet anasiya kukhala Vailet. Monga timachitira kwathu, aliyense anayamba kumuitana kuti amake Elube, ndipo iye, amene analidikira dzinali zaka zonsezo, nthawi zina ankachedwa dala kuyankha kuti amuitanenso.

Koma khanda ndi nsalu yoyera sizikhalira pamodzi. Ali kumbuyo, Elube anasanzira mkaka pa nsalu ya mwini. Atayamba kukwawa, tsiku lina anapezeka ali ndi pini m'kamwa. Vailet anaichotsa ndi chala, kenako anakhala pansi mwanayo ali m'manja mpaka madzulo, makina ali zii.

Kuseri kwa mpanda wa waya kunkakhala Falesi, wa ku Thyolo, mkazi wa mlonda wa pa fakitale ina. Anali wamkulu kwa Vailet ndi zaka zingapo. Ana ake awiri anamwalira ali makanda, ndipo kuchokera pamenepo ankangokhalira kusesa bwalo losesa kale, maso ali kwa anthu olowa kwa Vailet ndi mapaketi a nsalu.

"Bweretsani kuno mwanayo, anzanga," anatero Falesi atamva za pini. "Inu kwanuko kuli mapini. Ine kuno kuli msana wopanda ntchito."

Za malipiro sanakambirane. Vailet ankangomusokera Falesi ulere, Falesi nkumatenga mwana m'mawa pawaya, kumubweza madzulo pawaya pomwepo. Ndipo poti Falesi ankakhala pageti tsiku lonse, anasandukanso mlonda. Galimoto ya ofesi ikangokhota pakona, ankathamangira kuwaya nkumupatsira mwana. Vailet ankaponya zovala za eni kunsi kwa matiresi, nkuika pa makina kadiresi ka pinki kosoka mbali imodzi. Insipekitala, Mzungu wowonda amene amayi anamutcha Kapensulo chifukwa cha pensulo imene sinkachoka kukhutu kwake, ankapeza mayi ali ndi mwana pamiyendo akusoka kadiresi. Ankagwedeza mutu mokhutira nkutuluka. M'Mamelodi monse, Kapensulo yekha ndiye ankamuona Vailet atanyamula mwana wake masana.

Zina zonse za Elube, Vailet ankazimva ngati nkhani za pa wailesi.

"Lero waima yekha, anzanga! Wagwira mpando, kenako wausiya."

"Dzino lachiwiri latuluka, simunalione?"

"Lero wayankhula. Wati ama."

"Wauza ndani?" anafunsa Vailet, pini ili pakamwa.

"Aa, wangonena. Mwana amauza munthu ngati?"

Tsiku limenelo Vailet anasoka zipi chozondotsa, chinthu chimene sanachitepo chichokereni kumishoni.

Falesi naye anali ndi chake chomudya. Lachinayi amayi ankadutsa pageti pake ngati pali mtengo, kuthamangira kukayesa mabulauzi, ndipo m'nyumba mwa Vailet munkamveka kuseka mpaka kunja. Vailet anagula kabati ya magalasi, Falesi anaiona ikutsitsidwa, nati kwa mwana anali kumbuyoyo, mokweza kuti mawu adutse waya, "Ife tilibe kabati, eti Elube? Ife timangodyera limodzi."

Dzina linasamuka popanda woliuza. Anthu a m'misewu ina, amene ankaona Falesi ali ndi mwana kusitolo, kumpopi ndi kusikelo, anayamba kumutchula monga ankamuonera. Tsiku lina Vailet anaima kupalasa kuti alowetse ulusi, ndipo m'kachetechete ameneyo anamva Malita, amake Davison, mnzawo wa tsidya la msewu, akufuula.

"Amake Elube! Amake Elube, muli ndi sopo pang'ono?"

Vailet anadzuka, ulusi uli m'manja. Asanafike pakhomo, yankho linali litatuluka kale kuseri kwa waya.

"Bwerani mudzatenge, amake Davison!"

Anaima pakhomopo. Malita atamuona anamwetulira bwinobwino. "Mwaswera bwanji, amayi a makina?"

Loweruka Vailet anamudandaulira Alufeyo. Alufeyo anali atangolowa, ndipo anali atadzera kwa Falesi kukasiya kachidole kamene dona wake wa ku Irene anataya, poti ankadziwa kuti mwana ali kumeneko.

"Bambo, mwamva mmene akunditchulira anthu?"

"Akukutukwanani?"

"Akuti amayi a makina. Amake Elube akuti ndi awo."

"Nanga mwana akuwonda? Sakuwonda. Makina akuyenda? Akuyenda. Ndiye chavuta n'chiyani, a Vailet?"

"Mwati ndani?"

Alufeyo anazindikira mochedwa, natuluka kukayang'ana tomato amene sanafune kuyang'anidwa.

Vailet sanali munthu wolongolola pawaya. Iye ankayankhula ndi sizasi. Falesi anali atapempha bulauzi yatsopano ya Lachinayi, ndipo Vailet, amene ankadziwa thupi la Falesi osagwira tepi, anadula manja ake mothina, pang'ono pokha, mwaluso, moti ukaiona pa hang'ala sungaone cholakwa. Falesi anaivala nkupita nayo kumapemphero. Nthawi ya nyimbo, amayi onse atakweza manja, ake anathera pachifuwa. Ataumiriza, m'khwapa munamveka phwee, ndipo mzere wonse wa kumbuyo unaimba ndime yotsala ukuseka.

Sabata yotsatira, m'chaka cha 1977, galimoto ya ofesi inakhota pakona. Falesi anali pageti monga mwa masiku onse, ndipo anaiona bwinobwino. Anayamba wamaliza kumumanga Elube nsapato, zonse ziwiri, kenako nkuyenda pang'onopang'ono kupita kuwaya. Mwana anawoloka waya Kapensulo akutsika m'galimoto, akuona.

M'nyumba, Vailet anali atakwanitsa kubisa zovala ndi kuika kadiresi ka pinki pa makina. Chimene sanakwanitse chinali kumukhazika Elube. Mwanayo, amene tsopano anali wa zaka zitatu ndi maganizo akeake, anali atasiyitsidwa phala lake pakati, ndipo anadziwongola ngati thabwa pamiyendo ya mayi wake.

Kapensulo ankayankhula Chibunu, ndipo wapolisi wa lokeshoni amene ankayenda naye, bambo wonenepa wovala zakuda, ndiye ankamasulira. Kapensulo anachotsa kadiresi pa makina, nakayerekeza pa mwana. Sikanafike ndi pamchombo pomwe.

"Bwana akuti kadiresi aka anakaona mwanayu asanamere mano."

"Ulusi wa pinki unasowa, bwana."

"Bwana akuti zaka ziwiri?"

Pamenepo Falesi anaonekera pakhomo, anthu a mumsewu ataunjikana kumbuyo kwake. Elube anamuona, natambasula manja onse awiri.

"Amayi! Amayi!"

Kapensulo anachotsa pensulo kukhutu. Analoza nayo Falesi, koma funso analiponya kwa Malita, amene anali patsogolo pa gulu.

"Bwana akuti mayi uyu mumamutchula ndani?"

Malita anali munthu wopemphera ndiponso wamantha, zinthu ziwiri zimene pamaso pa boma zimabala choonadi chosafunika. "Amake Elube," anatero. "Kungoti, timangotero, bwana, si kuti..."

Wapolisi uja anafotokoza monyadira kuti kwa anthu akuda mayi amatchulidwa ndi dzina la mwana wake. Nkhope ya Kapensulo inawala. Anaphunzirapo za miyambo ya anthu akuda pa kosi ina ya ofesi, ndipo aka kanali koyamba kuti mwambo umuthandize pa ntchito. Anatembenukira kwa Falesi.

"Bwana akuti mwanayu ndi wanu, mma?"

Falesi anayang'ana kabati ya magalasi, nayang'ana makina. Vailet sanamuyang'ane.

"Ine Chibunu sindimva," anatero Falesi. "Afunse mwanayo."

Mwanayo anali atayankha kale, ndipo ankapitiriza kuyankha mokuwa. Kalata yake yobadwira ikanathetsa nkhani, koma inali isanatuluke. Ofesi inali ikusinkhasinkhabe kuti mwana wobadwira m'Mamelodi kwa makolo a ku Malawi aikidwe mu mtundu uti. Wapolisi anatukula matiresi, ndipo mabulauzi oyera a amayi a Lachinayi anatuluka mulu, ena ali ndi timapepala ta mayina a eni.

Chodabwitsa n'chakuti mabulauziwo sanamusangalatse kwenikweni Kapensulo. Osoka mobisa anali atagwirapo ambiri. Koma kubwereketsana ana pofuna kupusitsa boma chinali chinyengo chatsopano, choti akachilemba bwino chikhoza kuwerengedwa ndi akuluakulu a m'tauni, dzina lake lili pansi. Chimene ankasowa chinali pakamwa pa wolakwa.

"Bwana akuti ndi munthu wachifundo," anatero wapolisi. "Akuti muvomere kuti mwanayu munabwereka, alemba chenjezo basi, makina atsala. Koma mukapitiriza kunamiza boma, makina akwera galimoto." Kenako anatsitsa mawu, nayankhula zakezake. "Mma, ingonenani kuti ee. Mwana sapita kulikonse, madzulo mugona naye. Makina akapita kuofesi sabwerera."

Vailet ankadziwa kuti bamboyo akunena zoona. Anayang'ana makina ake, pamene utoto unatha chifukwa cha dzanja lake lomwe. Kenako anayang'ana pakhomo. Msewu wonse unali pamenepo, mpaka ena pawindo, ndipo onse akanamva iye mwini akunena.

"Ndi wanga."

"Mma..."

"Muwauze. Ndinamubala ine, pabedi mwagudubuzalo. Ndi wanga."

Kapensulo anamva kumasulirako, nabwezera pensulo kukhutu mokhumudwa, ngati munthu amene wakanizidwa mphatso. Makina anawanyamula anthu atatu, chopalasira chikugwedezeka chokha. Mabulauzi nawo anakwera.

Lachinayi lotsatira mapemphero anafupika, chifukwa panali mlandu. Amayi angapo anabwera ndi mabulauzi akale achikasu m'khwapa, atsopano ali m'manja mwa boma, ndipo mitima yawo sinali pa nyimbo. Wapampando anali mayi Chakufwa, wophika kwa mphunzitsi wina wa ku yunivesite ku Hatfield, amene anaphunzira kuyendetsa misonkhano poperekera tiyi m'misonkhano ya eni.

"Mmodzimmodzi," anatero. "Ayambe olira kwambiri."

"Andibera mwana," anatero Vailet. "Andibera dzina. Tsopano andilanditsa makina."

"Ndaba ine?" Falesi anaimirira. "Ankandipatsira okha pawaya m'mawa uliwonse, kapena ndinkadumpha? Akatentha thupi ankagona pamsana pa yani? Awa amadziwa chiuno cha mayi aliyense muno. Tawafunsani chimene Elube amaopa."

"Amaopa agalu," anatero Vailet.

"Agalu amawakwera pamsana! Amaopa ambulera. Mukaitsegula amabisala kunsi kwa bedi."

M'chipindamo munadutsa kaphokoso. Ena anagwira pakamwa.

"Nanga inu a Falesi," anatero mayi Chakufwa, "galimoto munaiona kapena simunaione?"

"Ndinkamanga mwana nsapato."

"Nsapato zake zinali zingati, mayi, za bongololo?" anafuula wina kumbuyo, amene bulauzi yake inali kuofesi.

"Ndipo m'khwapa mwanga munang'ambika chifukwa cha mphepo, eti?" anabweza Falesi.

Mayi Chakufwa analola phokoso kuti lidzithere lokha, monga ankaonera kwa aphunzitsi aja. Kenako anagamula. Anati onse awiri analakwa, wina ndi sizasi, wina ndi nsapato, ndipo agwirane chanza. Anati dzina la amake Elube ndi la amene anamva ululu, ndipo aliyense wolipereka kwina adzadzudzulidwa pagulu. Vailet anapuma mozama, kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo.

"Koma," anapitiriza mayi Chakufwa, "Mzungu uja wasokonezeka chifukwa kwawo mwana amakhala ndi mayi mmodzi ngati mbuzi. Ife kwathu sititero. Mkulu wa amayi ako ndi amayi ako, mng'ono wawo ndi amayi akonso. Kuno kulibe abale, abale ndife tomwe. Ndiye kuyambira lero awiriwa ndi pachibale, ndipo mwana asaletsedwe kunena amayi kwa onse awiri. Tingosiyanitsa monga timasiyanitsira kwathu. Wamkulu ndani pa awiriwa?"

"A Falesi," anayankha angapo.

"Basi. A Falesi ndi amayi aakulu. A Vailet ndi amayi aang'ono."

Amayi anaomba m'manja, wina nkuyambitsa nyimbo. Chigamulocho chinali cholongosoka, chogwirizana ndi mwambo, ndipo panalibe pochigwira. Vailet anayesa kutsegula pakamwa, koma nyimbo inali itafika kale pa kolasi. Anapita kwawo Elube ali kumbuyo, wopanda makina, ali mayi wamng'ono wa mwana amene anabala yekha.

Kwa miyezi iwiri sanamutsitse. Ankapita naye kumpopi ngakhale ndowa zili zodzaza, kusitolo ngakhale alibe chogula, miyendo ya mwanayo ikumumenya m'mawondo. Anthu ankamupatsa moni mosamala kwambiri, "Mwadzuka bwanji, amake Elube," motsindika ngati akuwerenga chikwangwani. Anaphunzira za ambulera, ndi zakuti Elube sadya phala lopanda mchere. Anaphunziranso kuti malasha sagulidwa ndi dzina.

Makina oyamba aja sanabwerere. Vailet atapita kukafunsa kuofesi, anamuuza kuti nkhani yake ili m'manja mwa munthu amene ali patchuthi. Alufeyo, amene msuzi wa Lamulungu unali utayamba kumuonekera pansi pa mbale, anabwera tsiku lina ndi makina ang'onoang'ono opukusa ndi dzanja, amene dona wake anati akungodya malo. Makina otere amafuna dzanja limodzi lopukusa, lina lowongolera nsalu. Lachitatu la mwana palibe.

Anayesa kumukhazika pansi pa tebulo ndi zigamba zosewera nazo. Tsiku lachiwiri Elube anadula kolala wa mwini ndi sizasi. M'mawa mwake Vailet anamusambitsa, namuveka, namunyamula kupita naye kuwaya. Falesi anali pomwepo, tsache lili m'manja, ngati anangopezekapo.

"Mwadzuka bwanji, ang'ono anga?"

"Ndadzuka. Phala wadya kale. Musamupatsenso shuga wambiri."

"Ndikudziwa mmene amadyera."

"Ndikudziwa kuti mukudziwa."

Mwana anawoloka. Vailet anabwerera m'nyumba, nakankha tebulo la makina kulichotsa pakona pamene linkakhala, mpaka pawindo loyang'ana bwalo la Falesi. Kuwala kwa pamenepo kunali koipa, dzuwa la masana linkamulasa m'maso, koma sanalisunthenso. Anasokera pawindo limenelo zaka zonse za m'ma 1980, Elube akukula, akupita kusukulu, akubwerako nkuyamba walowa geti la kumanzere, la Falesi, kukanena za tsikulo, kenako la kumanja kukanenanso zotsala. Ntchito inakula, anagulanso makina opalasa, akwati a ku Eersterust anabwerera. Ndi Falesi sanakanganenso, ndipo bulauzi iliyonse imene anamusokera inkakwana bwino m'khwapa.

Amayi a Lachinayi amene anasunga mabulauzi ake amatha kukuuzani yakale ndi yapambuyo pake osayang'ana nsalu. Yakale msoko wake ndi wowongoka ngati njanji. Yapawindo, ukautsatira bwino msoko wa kumsana, umayenda mowongoka ndithu, kenako penapake umakhotera pang'ono kumanzere, nkubwereranso.